Makiyi a Atsibweni

Mwezi wa Okotobala ukafika kuno ku Kasungu, dzuwa likamaswa mtengo ndipo fumbi likamauluka m'misewu ya ku Santhe ndi ku Chamama, munthu wofuna kuonana ndi mlimi wa fodya asataye nthawi kumfunafuna pakhomo. Apite kudambo. Kumeneko adzampeza ataweramira mabedi a nazale, kheni ili m'manja, akuthirira timbande timene mbewu yake ndi yaing'ono kuposa mchenga. Ine ndinakulira m'ntchito imeneyi pambali pa atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi, ndipo chimene ndimakumbukira koposa ndi chakuti chaka chilichonse iwo ankafesa bedi limodzi loposera pa amene munda wawo unkafuna. Tsiku lina, msana utandipweteka ndi kutunga madzi, ndinawafunsa chifukwa chake tinkadzivutitsa ndi bedi lopanda ntchito. Iwo anandiyang'ana nati: "Limenelo ndi lopakizira. Ukaokera, mbande ina idzapsa ndi dzuwa, ina idzadulidwa ndi mbozi. Ukapanda kukonzeratu ya m'malo mwake, mzere wako udzakhala ndi magweru ngati m'kamwa mwa nkhalamba."

Awerengi okondedwa, ndalemba nkhani ino chifukwa munthu yemweyo, amene sanaiwalepo bedi lopakizira kudambo, anatsogolera gulu la anthu kwa zaka zoposa 15 osafesa ngakhale mbande imodzi ya m'malo mwake. Ndipo ine, amene ndinkaona zonsezi ndi maso anga, ndinakhala chete.

Achinyamata a lero sadziwa kuti panali nthawi imene mlimi wamba sankaloledwa kulima fodya wa Burley. Lamulo la mbewu zapadera la 1963 linapatsa boma mphamvu yosankha woyenera kulima mbewu zina, ndipo Burley pamodzi ndi fodya wa kampopi anakhala wa eni maesiteti, kupatula alimi owerengeka amene anali pansi pa bungwe la Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority. Munthu wa kumudzi ankalima chikopa ndi kugulitsa ku ADMARC pa mtengo umene wauzidwa, apo ayi ankasamuka ndi banja lake kukakhala tenanti pa munda wa mwini wake. Kuyambira mu 1990 boma linayamba kumasula chingwe chimenechi. Alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima Burley, koma kuti fodya wawo akafike ku okushoni ya ku Kanengo anayenera kusonkhana m'makalabu, kulembetsa, ndi kugulitsa pa nambala imodzi. Ngongole ya feteleza nayonso inkaperekedwa ku gulu, kotero kuti mmodzi akalephera kubweza, onse ankalangika naye.

Atsibweni anali atagwirapo ukapitawo pa esiteti ina, choncho ankadziwa kusankha fodya, kudinda belo ndi kuwerenga pepala lochokera ku okushoni. Ndiwo anayenda khomo ndi khomo kukopa anzawo. Ndiwo anapalasa njinga kupita ku boma kangapo konse mpaka kalabu inalembedwa. Sipanali chifukwa chofunsira kuti wapampando akhale ndani. Koma mtima wawo sunathere pa fodya pokha. Zinali zaka zimene matenda a Edzi ankakolola anthu m'midzi yathu, ndipo maliro sankadukiza sabata. Iwo anapempha gulu kuti aliyense akalandira ndalama zake za fodya azisiyako pang'ono m'thumba la chifundo, loti lizigula bokosi la maliro kwa osowa ndi kulipirira sukulu ana amasiye. Pambuyo pake anamanganso nkhokwe ya gulu, aliyense kuthiramo dengu la chimanga pokolola. Pa njala ya 2002, imene inakantha boma la Kasungu koposa maboma ambiri, anthu akudya gaga ndi mizu ya nthochi, nkhokwe imeneyi inaphikira ana phala kwa masabata angapo, ndipo alipo anyamata ndi atsikana amene lero ali ndi mabanja awo chifukwa cha phala limenelo. Ndanena zimenezi poyamba kuti wina asaganize kuti ndikusimba za munthu wakuba kapena wankhanza. Atsibweni sanadyepo tambala ya gulu. Kawirikawiri ankaonjezera za m'thumba mwawo.

Vuto linali lakuti gulu lonse linkakhala mwa iwo. Kunsi kwa kama wawo kunali bokosi lachitsulo lokhala ndi maloko awiri, ndipo makiyi onse awiri ankayenda nawo pa kachingwe m'thumba la jekete, ngakhale popita ku tchalitchi. M'bokosimo munali kope la ngongole, mapepala a ku banki, chiphaso cha kalabu ndi ndalama za thumba la chifundo. Msungichuma analipo, nkhalamba yofatsa imene inkasaina pamene yalozeredwa. Mlembi analiponso, koma cholembera chinali cha wapampando. Mwini lole wonyamula mabelo ankadziwana ndi atsibweni okha. Alangizi a zaulimi akabwera ankafikira kwa iwo. Chaka ndi chaka, fodya akatha kugulitsidwa, kunkachitika chisankho pansi pa mtengo wa mango. Atsibweni ankaimirira ndi kunena kuti atopa, ndipo ndi bwino wina alandireko katunduyu. Asanakhale pansi, amayi ankayamba nthungululu, abambo ndi kufuula kuti, "Omwewo! Omwewo!" Iwo ankakana kamodzi monga mwa ulemu, kenaka ankavomera. Tonse tinkabalalika okondwa, poganiza kuti tachita chisankho.

Munthu mmodzi yekha ndiye anayesa kulankhula. Anali mnyamata amene anamaliza Fomu 4 ndipo anasankhidwa kukhala mlembi. Pa msonkhano wina anaimirira, chipewa chili m'manja, napempha zinthu ziwiri: kuti aloledwe kukopera kope la ngongole m'kope lachiwiri, ndiponso kuti gulu ligwirizane zaka zimene munthu angakhale pa mpando. Panagwa bata lalikulu. Atsibweni anamwetulira, koma maso awo sanamwetulire nawo, ndipo anati: "Kodi ana inu mwayamba kale kundikumbira manda ndikali moyo?" Basi nkhani inathera pomwepo. Akuluakulu anamdzudzula mnyamatayo kuti ndi wamwano ndi wofuna mpando, ndipo chaka chisanathe iye anatula pansi ulembi napita ku Joni kukafuna ganyu.

Amayi anga, amene ankamdziwa mlongo wawo kuposa wina aliyense, anandiitana madzulo a tsiku lomwelo. "Iwe ndiwe mphunzitsi," anatero, "ndipo atsibweni ako amakumvera. Mwana uja sanalakwe. Pita ukalankhule nawo pa awiri." Ndinapitadi Lamulungu lotsatira. Anandilandira bwino, anandiphera nkhuku, tinakamba za kukwera mtengo kwa feteleza ndi za mvula, ndipo dzuwa litapendeka ndinatsazika osatchula kanthu. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Koma pa nkhani iyi si mbewa yamanyaziyo imene inafa. Anavutika ndi ena amene sanadziwe n'komwe kuti ndinatumidwa.

Ndakhala ndikudzifunsa chimene chinandimanga lilime tsiku lija. Mbali ina ndi mwambo wathu. Pakati pa Achewa sitimatchula poyera wolowa ufumu mfumu ili moyo, pakuti kutero kuli ngati kuifunira imfa, ndiponso kumaika wotchulidwayo pa maso pa anthu a kaduka. Koma tikayang'anitsitsa tiona kuti makolo athu, ngakhale sankatchula dzina, sankagona tulo. Mwana wa mlongo wa mfumu ankanyamula mpando wa atsibweni ake kupita nawo ku bwalo, nakhala pambuyo kumvetsera milandu kuyambira ali mnyamata. Amayi aakulu a mbumba ankayang'anira makhalidwe a ana onse oyenera, mwakachetechete, kwa zaka zambiri, kuti tsiku likadzafika asadzasankhe mwa chibwana. Nduna za mfumu zinkadziwa malire a minda ndi mbiri ya milandu, kotero kuti mfumu ikagona nzeru za mudzi sizinkalowa nayo m'manda. Ife a m'magulu a masiku ano tinatola theka la mwambowu, ndipo tinatola theka lolakwika: tinasunga kusatchula, tinataya kuphunzitsa.

Mbali ina ndi nthawi imene mbadwo wanga unakuliramo. Mu 1971 Dr. Hastings Kamuzu Banda, mwana wa kuno ku Kasungu, anakhala Pulezidenti wa muyaya, ndipo kuyambira pamenepo funso lakuti adzabwera pambuyo pake ndani linasanduka funso loopsa, losafunsidwa ngakhale m'nyumba zitseko zili zotseka. Mu Meyi 1983, ine ndili mphunzitsi wachinyamata, tinamva kuti nduna zitatu ndi phungu mmodzi, a Dick Matenje, a Aaron Gadama a kuno kwathu, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga, afa pa ngozi ya galimoto ku Mwanza. Bungwe lofufuza limene linakhazikitsidwa mu 1994 linapeza kuti anachita kuphedwa, ngakhale kuti amene anazengedwa mlandu mu 1995 khoti linawamasula. Anthu ambiri akhala akukhulupirira kuti nkhani ya wolowa m'malo inali pakati pa zimene zinawadzetsera tsokalo. Ife amene tinali ndi moyo masiku amenewo tinaphunzira phunziro limene palibe anatilembera pa bolodi, lakuti mtsogoleri safunsidwa za mawa. Ulamuliro unasintha mu 1994, koma mantha aja tinapita nawo m'makalabu, m'makomiti a sukulu ndi m'mabungwe athu achifundo, ngati utsi wotsalira m'zovala moto utazima kale.

Ndipo zimene zimachitikira ntchito yabwino yotsamira pa munthu mmodzi tinaziona pafupi pompano. Ku Mtunthama, kum'mawa kwa boma la Kasungu, Kamuzu anatsegula sukulu ya Kamuzu Academy mu 1981, kuti ana anzeru osankhidwa m'maboma onse a dziko lino aziphunzira popanda kulipira, mpaka Chilatini ndi Chigiriki chomwe. Ndalama zoyendetsera sukuluyi zinkadalira mwini wakeyo. Atachoka pa mpando mu 1994 ndi kumwalira mu 1997, kasupe anaphwa, ndipo kuti sukulu isatsekedwe inayenera kuyamba kulandira ana olipira. Inapulumuka, ndipo tiyenera kuyamika amene anaipulumutsa. Koma chipata chimene chinali chotsegukira mwana wa mlimi wosauka chinachepa. Chimodzimodzinso bungwe la Press Trust, limene Kamuzu anakhazikitsa mu 1982 kuti lisunge chuma cha makampani a Press pothandiza mtundu wa Amalawi, iye mwini ali mkulu wa osunga chumacho. Ulamuliro utasintha panabuka mkangano wakuti chumacho aziyang'anira ndani. Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo lokonzanso bungweli mu 1995, nkhani inalowa m'makhoti, ndipo inakathera ku khoti lalikulu la apilo mu 1997. Ngati zinthu zazikulu chotere, zokhala ndi maloya ndi akatswiri owerengera ndalama, zinagwedezeka mwini wake atachoka, nanga kalabu ya pansi pa mtengo wa mango ikanalimba bwanji?

Tsiku lathu linafika m'nyengo yogulitsa, mabelo a gulu ali kale ku okushoni. Atsibweni anagwa m'chigafa m'mawa akumasula mikangala. Anthu anathamanga nawo ku chipatala, ndipo moyo wawo unapulumuka, koma dzanja lamanja ndi mwendo zinafa, ndipo lilime linakana kutembenuka. Ankamva zonse, ankatizindikira tonse, koma mawu okha amene ankatuluka anali "eya", ngakhale pofuna kukana.

Patapita sabata ziwiri, akuluakulu a gulu anabwera kudzapempha makiyi. Ine ndi amene ndinapisa m'thumba la jekete, atsibweni akundiyang'ana, misozi ikutsika tsaya limodzi. Titatsegula bokosi tinapeza ndalama zili bwinobwino, zomangidwa m'timitolo ndi ulusi wosokera fodya. Koma kope linatigonjetsa. Anthu sanalembedwe ndi maina awo enieni, koma monga atsibweni ankawaitanira: aPhiri a kuchitsime, aBanda aatali, make mapasa. Pa gulu lathu panali aPhiri asanu. Patsogolo pa maina ena panali mtanda, pa ena kamzere, pa ena kabwalo kozungulira, ndipo palibe ankadziwa ngati mtanda ukutanthauza kuti munthu wabweza kapena sanabweze. Tinapita nalo kope kwa mwini wake, tikuloza dzina ndi dzina, ndipo pa lililonse iwo ankayankha kuti "eya". Sindinaonepo munthu akuzunzika monga anazunzikira tsiku limenelo, nzeru zonse zili m'mutu koma khomo lotulukira latsekeka.

Zotsatira zake aliyense angathe kuzilota. Onse amene anali ndi ngongole anakumbukira kuti anabweza kale. Onse amene gulu linkawasungira kanthu anakumbukira zochuluka kuposa zimene zinali m'bokosi. Ndalama za fodya zinafika ku banki, koma kuti zituluke pankafunika dzanja la wapampando, ndipo kuti dzanja lina lilowe m'malo mwake a ku banki anapempha, monga mwa lamulo lawo, malamulo olembedwa a gulu ndi kalata ya zimene msonkhano wagwirizana. Ife tinalibe chilichonse cha zimenezi, ndipo misonkhano itatu inatha ndi mkangano pakuti panalibe amene anzake ankamkhulupirira kuti akhale pa mpando. Aliyense woyenera anali atazolowera kukhala pansi. Aliyense wofunitsitsa anali wosayenera. Pamene ndalama zinkatuluka, nthawi yogula feteleza inali itapita ndipo ngongole ya gulu inali itachedwa kubwezedwa.

Pano ndiyenera kuulula mbali yanga, imene imandichititsa manyazi kufikira lero. Jeke yodindira mabelo ndi sikelo zinagulidwa ndi ndalama za gulu, koma kwa zaka zonsezi zinkasungidwa pakhomo pa atsibweni, ndipo panalibe pepala losonyeza mwini wake. Ana awo anati ndi katundu wa bambo awo. Ife a mbumba tinati katundu wa atsibweni amayang'aniridwa ndi ife. A gulu anati ndi thukuta lawo. Ine, mphunzitsi wodziwa bwino chilungamo chake, ndinakhala pa mphasa ya abale anga pa bwalo la anyakwawa, chifukwa magazi ndi magazi. Gulu linagawika patatu, ndipo nkhokwe ija inagwa ndi chiswe.

Koma chimene chimandilasa mtima si jeke. Atsibweni ankalipira fizi ya ana amasiye okha, pa njinga, teremu ndi teremu, osauza munthu, chifukwa sankafuna kuti anawo azilozedwa chala. Unali mtima wabwino. Koma iwo atagwa, palibe ankadziwa kuti anawo ndi angati ndipo ali ku sukulu ziti. Ena tinawapeza chifukwa agogo awo anabwera kudzalira. Mtsikana wina wa Fomu 2, amene aphunzitsi ake ankati ndi wakuthwa pa masamu, anabwezedwa kunyumba chifukwa cha fizi, ndipo pochita manyazi sanauze aliyense wa ife. Pamene tinkamva za iye, anali atakwatiwa kale ndi tenanti wa pa esiteti ina ya kutali. Sanabedwe kanthu ndi munthu aliyense. Anangogwera pa mpata umene unali pakati pa mtsogoleri amene anagwa ndi mtsogoleri amene sanakonzedwe.

Atsibweni anakhala zaka zina ziwiri pa khonde, akuona anthu a gulu lawo akudutsana pa msewu osapatsana moni.

Pambuyo pa maliro awo ndinayamba kuyang'ana ndi maso ena mabungwe amene apirira kusintha kwa atsogoleri, ndipo chitsanzo chimene chinali pafupi nane ndi cha Mpingo wathu womwe, pakuti nawonso ndi gulu losafuna phindu limene limayendetsa sukulu, zipatala ndi ntchito zachifundo. Amishonale a White Fathers anakhazikika ku Mua mu 1902. Akadafuna akadagwira okha ntchito yonse, poti ankaidziwa bwino kuposa ophunzira awo. Koma anafesa nazale, ndipo mbande yake inatenga nthawi: wansembe woyamba wa dziko lino, Bambo Cornelius Chitsulo, anadzozedwa mu 1937, patapita zaka 35, ndipo mu 1957 anadzozedwa kukhala episkopi wa ku Dedza. Wina anganene kuti anachedwa, ndipo mwina nkoona. Koma pamene Ambuye Joseph Fady, amene anatsogolera chigawo chathu kuyambira 1951, anapumula mu 1972, panali mwana wa dziko lino wokonzeka kulandira ndodo, Ambuye Patrick Kalilombe.

Nkhani ya Ambuye Kalilombe ndiyo inandiphunzitsa zambiri. Atangolowa pa udindo anaitanitsa sinodi ya dayosizi ya Lilongwe, imene inayenda kuyambira 1973 mpaka 1975, ndipo m'menemo akhristu eni ake a m'midzi anafunsidwa maganizo awo. Chipatso chake chinali miphakati, timagulu ta mabanja oyandikana tokhala ndi atsogoleri awoawo, otha kupemphera, kuyendera odwala, kuika maliro ndi kusonkha chuma popanda kudikira wansembe. Boma la nthawi imeneyo linakayikira timagulu timeneti, poganiza kuti tikupikisana ndi nthambi za chipani, ndipo mu 1976 episkopiyo anakakamizika kutuluka m'dziko. Anatula pansi udindo mu 1979, ndipo Ambuye Matthias Chimole ndiwo analowa m'malo mwake. Anatsogolera ali pakati pathu zaka zinayi zokha. Sanapatsidwe mpata wotsazika, monganso atsibweni anga sanapatsidwe. Koma ntchito yake siinagwe, ndipo miphakati ilipo mpaka lero m'midzi yonse ya kuno, chifukwa iye sanasunge makiyi m'thumba la jekete. Anali atawagawa kale kwa anthu mazanamazana, ambiri a iwo osadziwa n'kulemba komwe.

Mpingo unaikanso nzeru imeneyi m'malamulo ake, podziwa kuti mtima wa munthu, ngakhale woyera, sufulumira kunena kuti ndakwanira. Episkopi akakwanitsa zaka 75 amapemphedwa kupereka kalata yotula pansi udindo. Nthawi zina amapatsidwa mthandizi amene zadziwika kale kuti ndiye adzalowe m'malo, kuti awiriwo ayende limodzi kanthawi, wamkulu akuonetsa mnzake njira. Ndi mmene Ambuye Tarcisius Ziyaye anabwerera ku Lilongwe mu 1993 nalandira dayosizi mu 1994, ndipo ndi mmenenso Ambuye Rémi Sainte-Marie anabwerera mu 2006 nalandira mu 2007. Ngakhale Papa Benedikito XVI anatula pansi udindo mu 2013 ataona kuti mphamvu zamthera, chinthu chimene dziko linali lisanaone kwa zaka pafupifupi 600. Sindikunena kuti mu Mpingo zonse zimayenda myaa. Tonse tikudziwa makomiti a pa parishi amene wapampando wake anakhalapo kuyambira tchalitchi chili chaudzu. Ndikungonena kuti pamene lamulo lanena kale tsiku lochoka, palibe mnyamata amene ayenera kuimirira, chipewa m'manja, ndi kutchedwa wokumba manda.

Komabe sindifuna kuti mlandu wonse ugwere atsogoleri okalamba, pakuti ife ofuula "Omwewo!" tili ndi gawo lathu lalikulu. Tinkafuula chifukwa cha chikondi, inde, komanso chifukwa cha ulesi. Kunali kokoma kugona tulo podziwa kuti wina akupalasa njinga m'malo mwathu. Ndiponso sitinaganizepo za mantha a munthu amene wapereka moyo wake wonse ku ntchito imodzi. Atsibweni sankaopa kutaya ndalama, poti sankapindula kanthu. Ankaopa kudzuka m'mawa wina ndi kupeza kuti palibe wogogoda pa chitseko chawo. Tikadawakonzera malo aulemu, tikadawauza kuti mukhale nkhoswe ya gulu, milandu yovuta tizibwera nayo kwa inu pakuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, mwina akadamasula kachingwe kaja ndi dzanja lawo ali ndi mphamvu. Ife tinawapatsa njira ziwiri zokha, mpando kapena kuiwalika, ndipo anasankha monga ambiri a ife tikadasankhira.

Ndikudziwa zimenezi chifukwa nanenso zinandipeza. Nditapuma pa ntchito ya uphunzitsi, ena mwa otsala a gulu lija, makamaka amayi, anayambitsanso thumba la ana amasiye, popanda za fodya, ndipo anandisankha kukhala wapampando. Poyamba penipeni ndinaumirira kuti tilembe malamulo: mpando ukhale wa zaka 3, ndipo munthu asapitirire maulendo awiri, kope liziwerengedwa mokweza pa msonkhano wa mwezi uliwonse, maina enieni ndi ndalama zake, makiyi awiri azisungidwa ndi anthu awiri a mabanja osiyana, katundu aliyense wa gulu alembedwe, ndipo pepala lina likasungidwe kwa anyakwawa, ana amene tikuwalipirira adziwike kwa anthu atatu osunga chinsinsi. Ndinaonjezera kuti wachiwiri kwa wapampando azitsogolera msonkhano mwezi wina uliwonse, ndipo popita ku banki kapena ku sukulu ndizitenga munthu wina wosiyana ulendo uliwonse, kuti nkhope zambiri zidziwike. Ndinkadziona ngati munthu wochenjera amene waphunzira pa tsoka la mnzake.

Zaka 6 zitatha, tsiku la chisankho linafika. Ndinaimirira kunena kuti nthawi yanga yakwana, ndipo ndisanakhale pansi ndinamva nthungululu ndi mawu aja, "Omwewo! Omwewo!" Abale anga, ndisakunamizeni: mawu amenewo ndi okoma ngati uchi. M'kamphindi kochepa mutu wanga unapeza zifukwa khumi zoti ndikhalebe. Wachiwiri wanga anali asanakhwime. Tinali pakati pa kukambirana ndi sukulu ina za ana awiri. Malamulo tinalemba tokha, ndipo tikadatha kuwasintha tokha. Mkulu wina anaimirira kunena zomwezo, kuti lamulo ndi pepala chabe. Chimene chinandiletsa si nzeru zanga ayi, koma amayi anga, amene pa nthawiyo anali okalamba kwambiri ndipo anabwera pa msonkhano ndi ndodo. Sanalankhule pa gulu. Anangondikodola, ndipo nditawerama anandinong'oneza kuti: "Paja ulendo uja unangokadya nkhuku."

Anasankhidwa mayi wina wa ana anayi, amene ndinamphunzitsa ndekha mu Sitandade 5. Miyezi yoyamba inandivuta kuposa mmene ndinkayembekezera. Amayamba msonkhano mochedwa, amalola anthu kulankhula nthawi yaitali, ndipo anasintha tsiku losonkha ndalama osandifunsa. Kawiri konse ndinapita kunyumba kwake ndi malangizo amene sanapemphe, ndipo anandilandira mwaulemu, "Zikomo aphunzitsi, ndamva," kenaka anachita monga anaganizira yekha. Pa zinthu ziwirizo, chimodzi ndinkalondola ndine. Chinacho ankalondola ndi iye, ndipo zopereka zinachuluka chifukwa tsiku latsopanolo limagwa pambuyo pa msika.

Mwezi wathawu ndinakhala pa benchi ya kumbuyo pamene iye ankawerenga kope. Pophatikiza ndalama za mwezi anaphonya. Ndinamva msanga, poti khutu la mphunzitsi wa masamu silikalamba. Ndinatsegula pakamwa. Koma ndisanatulutse mawu, mtsikana wina wa kutsogolo, mmodzi wa ana amene thumbali linawalipirira mpaka Fomu 4, anakweza dzanja nati: "Pepani amayi, pamenepo tawerengeraninso." Anawerengeranso pamodzi, anapeza polakwika, anthu anaseka, ndipo msonkhano unapitirira. Unatha dzuwa lisanapendeke, ndipo palibe amene anandifunsa kanthu. Ndinatenga chipewa changa ndi kutsikira kudambo, kumene adzukulu anga anali atayamba kale kuthirira.